Kanjerwa Kofiira

Dunoon, Cape Town
11 Malichi 2023

Wokondedwa Lili,

Moni mlongo wanga. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi adadi ndi amayi. Kuno ndili bwino, kungoti mphepo yake siyopuma.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale. Unandiuza kuti chigwidwireni ndi sitiroko adadi sakufuna kuyankhula pa foni chifukwa lilime limawalemera. Ndiye ndati bola pepala, angathe kuliwerenga kangapo popanda kuchita manyazi ndi munthu.

A Chrispin a thiransipota, amene abweretse kalatayi, akupatsanso katoni. Musayembekezere sopo kapena mafuta ophikira. Muli tinjerwa ta pulasitiki 730 ndi buku la malangizo.

Ndinkangokuuzani kuti ndimagwira ntchito mu shopu ya zidole, chifukwa kufotokoza kunkandivuta. Koma ogula athu si ana ayi. Ndi azibambo a imvi, madokotala, maloya. Amagula zombo za m'mafilimu a nkhondo za mumlengalenga, n'kumanga okha ndi tinjerwa timeneti, n'kuziika m'makabati a magalasi kuti fumbi lisazikhudze. Wina akatopa nacho chake amadzatigulitsa. Ntchito yanga ndi kuchiphwasula, kutsuka, kuona ngati zonse zilipo, n'kuchimanganso kuti chikhale pa windo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuchita zimenezi.

Abwana andipatsa zitatu zimene zinakhalitsa pa windopo. Ichi ndi choyamba, kandege ka munthu mmodzi ka mapiko opindika ngati chikwakwa. Ndakaphwasula kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, ndipo kathumba kalikonse ndakalemba nambala. Atsegule ka 1 kokha, atsate buku, akamaliza ndiye ka 2. Musasakanize. Uwauze amayi asatsuke, ndinatsuka kale.

N'cha adadi. Munthu amene anakonza injini za sitima ku Limbe zaka makumi atatu sangamakhale pakhonde tsiku lonse kuwerenga maminibasi odutsa. Dzanja lamanjalo likufuna ntchito.

M'kathumba ka 1 apezamo kanjerwa kofiira kamene m'buku mulibe. Si kulakwitsa. Ukukumbuka kuti adadi akamanga bawuti ankaidontheza penti yofiira, kuti aliyense adziwe kuti apa padutsa Howard Mulipa? Inenso chombo chilichonse chimene ndamanga ndimabisamo kofiira m'mimba ndisanatseke denga. Ogula sadziwa. Adadi achitenso chimodzimodzi.

Undilembere za iwo. Akudya?

Mlongo wako,
Everson


Chilomoni, Blantyre
2 Epulo 2023

Achimwene okondedwa,

Moni wanu tinalandira, ndipo tonse tikukupatsani moni. Adadi akudya, ngakhale amataya pang'ono ndipo amakwiya ndikawaona.

Katoni inafika Lachiwiri, pafupifupi masabata awiri apitawo. Ndinakaitenga ndekha nditaweruka kusukulu. M'minibasi kondakitala anaigwedeza n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwagula mikanda ya Chilomoni yense?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka.

Amayi anaitsegula. Kenako anati, "Ana a anzathu amatumiza furiji. Wanga watumiza zinyalala zolembedwa manambala." Atapeza kofiira kaja anakanyamula ndi nsonga ya chitenje ngati chinkhanira.

"Nanga aka kali kokha bwanji?" anatero. "Akufuna kabisidwe m'mimba, m'nyumba muli wodwala? Wamuuza ndani zimenezo?"

Ndinawawerengera za penti ya adadi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe ndi digiri yakoyo umakhulupirira chilichonse cholembedwa papepala."

Mawu amenewo andikhala mumtima, chifukwa mwina ndi oona.

Adadi anatha masiku atatu osayang'anako. Tsiku lachinayi ndinawapeza atavala magalasi, buku lili pamiyendo, akutsata mizere ndi chala. Ananena pang'onopang'ono, monga akuyankhulira masiku ano, "Wojambula uyu... amadziwa ntchito." Anandituma thireyi ya mazira yopanda kanthu kwa mayi a pagolosale, n'kuyamba kusanja tinjerwa m'timaenje take. Amagwira ndi dzanja lamanzere, kukanikiza ndi chala chachikulu cha lamanja. Poyamba tinkagwa kwambiri, ine n'kumakwawa pansi pa mpando. Tsopano afika kathumba ka 4. Dzulo anandikalipira kuti ndawagwedezera tebulo, ndipo mawu onse anatuluka bwinobwino. Ndinapita kukhitchini kukalira pang'ono.

Koma ndifunse, ndipo mundikhululukire ngati ndikuganiza mopyola, mukudziwa mmene ndilili. Bwana amene amachotsa katundu pa windo n'kupatsa wantchito, amapereka pa chifukwa chanji? Ndinayang'ana pa intaneti mtengo wa zinthu zimenezi ndipo ndinatseka foni msanga. Anakupatsanidi? Mukadali pa ntchito? Sindikuti mwachita choipa. Ndikungofuna kudziwa chimene chakhala pa tebulo la adadi.

Amayi akuti mankhwala a BP akwera, ngati mungathe kuthandizako.

Mlongo wanu,
Lilian


Dunoon
17 Juni 2023

Lili,

Moni nonse. Ndili bwino. Pepa ndachedwa.

Sindinabe. Unandilasa pang'ono koma ndaseka. Abwana anandipatsa ndi manja awiri.

Chithunzi unatumiza chija ndinachiona, kandege kakongola. Uwauze adadi agwira ntchito.

Ichi n'chachiwiri, galimoto yoyenda pa mwezi, ya matayala asanu ndi atatu. Timatumba 14. Asamale pa ma ekiselo a matayala, pamavuta.

Za mankhwala a Chrispin ali ndi envelopu.

Usamandilembere mauthenga pa foni, galasi lake linasweka. Uziimba basi. Pepa malembedwe, ndikuthamanga.

Everson


Chilomoni
23 Julaye 2023

Achimwene,

Moni. Kuno kwazizira, chiperoni sabata yonse, koma tili bwino. Envelopu inafika, amayi athokoza.

Galimoto ya pa mwezi yatha. Adadi anaimaliza m'masabata anayi. Pa ekiselo anaphwasula katatu okha, osafuna thandizo. Masiku ano amadzimanga mabatani a shati. Amayi, amene ankati zinyalala, atulutsa mbale za paukwati wawo m'kabati ya magalasi n'kuikamo zinthu ziwirizi. Akuti n'chifukwa cha fumbi basi. Anzawo a ku mvano akabwera amawaonetsa, koma kofiira kaja satchula.

Ndakhala ndi kalata yanu mwezi wathunthu ndisanayankhe, chifukwa ndimati ndikalemba n'kung'amba.

Mwati chithunzi munachiona, kandege kakongola. Achimwene, m'chithunzi chija adadi anaimirira okha popanda ndodo, koyamba chidwalireni. Kandegeko kanali kakang'ono m'manja mwawo. Ndinadikira sabata yonse kuti muimba mukufuula. Inu mwangoona kandege?

Ndiye malembedwe. Inu amene aphunzitsi ankakutumani kulemba pa bolodi chifukwa cha dzanja lanu, mwalemba zilembo zazikulu ngati za mwana wa Sitandade 2, mizere ikutsetserekera pansi. Ndimachonga makope tsiku ndi tsiku. Munthu wothamanga salemba chonchi. Kodi mwayamba kumwa? Ndiuzeni, sindiuza amayi.

Ndinawafunsa a Chrispin ngati mukuoneka bwino. Anaseka. "Asisi, ine achimwene anu chiwaonereni ndi Febuluwale. Makatoniwa amabweretsa ndi mayi wina wake wovala mpango wa Chisilamu. Akulu aja ali ndi sekeletale masiku ano!"

Ndinalakwitsa, ndinanena zimenezi kunyumba. Amayi anaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Basi, wadyetsedwa. Ndinadziwa ine. Mwamuna wanzeru zake satumiza zidole." Ine za kudyetsedwazo sindikhulupirira. Koma sindinawatsutse mwamphamvu monga ndikanachitira kale.

Mayi ameneyu ndi ndani? Ngati ndi nkhani yabwino, bwanji mukuibisa? Ndikaimba mumangoti muli bwino, mphindi ziwiri, mwadula. Ulendo watha ndinamva ngati wina akukunong'onezani pambali. Mwina ndi makutu anga.

Lilian


Dunoon, Cape Town
16 Sepitembala 2023

Wokondedwa Lilian,

Moni kwa adadi, kwa amayi ndi kwa iwe. Ine ndili bwino.

Usadabwe ndi malembedwewa. Akulemba ndi Safiya, mnzanga amene amandithandiza. Dzanja langa likupweteka pang'ono. Sindikumwa.

Ndakondwa kwambiri kumva kuti adadi anaimirira. Sindinayang'anitsitse chithunzicho, undikhululukire.

Katoni iyi ndi yachitatu ndipo ndi yomaliza. Ndi chombo chachikulu chonyamula anthu, kutalika kwake ngati mkono wa munthu kuyambira paphewa. Tinjerwa 5,400, timatumba 32. Ndi chimene ndinkachikonda kuposa zonse. Ndinachimanga katatu. Chikhale kumeneko.

Khirisimasi ino sindibwera. Chaka cha mawa sindikudziwa. Musandidikire.

Ndine,
Everson


Chilomoni
8 Okutobala 2023

Kwa Everson Mulipa YEKHA. Wina asatsegule.

Achimwene,

Sindiyamba ndi moni wautali. A Chrispin akunyamuka mawa, ndipo ndawapempha kuti akupatseni m'manja mwanu. Ngati sangathe, envelopu ndaimata ndi selotepi mbali zonse. Mukawerenga mung'ambe.

Kalata yomaliza ija si yanu. Chibadwire changa simunanditchulepo Lilian. Mwina mawu ena ndi anu, koma sindikudziwa kuti ndi ati.

Katoninso si yanu. Ziwiri zoyamba zija, adadi sanapeze cholakwika ngakhale chimodzi. Iyi yasokonekera kuyambira kathumba koyamba. Buku likamati njerwa yotuwa ngati phulusa, m'kathumba mukutuluka yoderako ngati simenti yonyowa. Pofunika yakuda pali yabuluu. Manambala a pa timatumba ndi okhotakhota, ena alembedwa pamwamba pa anzake, wina wathera pa pulasitiki kuphonya pepala. Ndipo kofiira mulibe. Ndafufuza timatumba tonse 32 poyang'anitsa pa dzuwa. Inu mungaiwale kofiira?

Ndakhala ndikuwerenga za zinthu zimenezi. Pali anthu amene amagula tinjerwa tina paokhapaokha pa mtengo wabwino. Ndikuganiza kuti wina anatsegula, anachotsa zofunika, n'kudzazamo zimene anatola. Ndinakayikira a Chrispin, koma katoni inafika yomata bwino. Watsala ndani?

Ndaimba kawiri sabata ino, kawiri konse wayankha mkazi. "Agona." "Ali kubafa." Foni yanu akusunga ndi iye. Makalata anu akulemba ndi iye. Katundu wanu akunyamula ndi iye. Ntchito simuitchulanso. Tsopano mukuti tisakudikireni. Achimwene, mkazi ameneyu walowa m'nyumba mwanu ngati chiswe. Kunja khoma likuoneka lilipo, m'kati mwatha. Akamaliza kudya adzakusiyani mumsewu, dziko la eni.

Ndine munthu wokayika pa chilichonse, mumandiseka nazo kuyambira kale. Pa ichi chokha sindikukayika. Musiyeni. Musamuuze kanthu, ingokwerani galimoto ya a Chrispin ndi zovala zimene mwavala. Zina tidzaonera kuno.

Adadi sindinawauze zimene ndalembazi. Asiya kumanga. Amangokhala ndi timatumbato, kutitembenuza.

Lili


Chilomoni
15 Okutobala 2023

Achimwene, ndi inu amene mukuwawerengera kalatayi,

Moni nonse awiri, ngati mungaulandire.

A Chrispin ananyamuka Lolemba ndi kalata ija. Lachinayi nditabwera kusukulu ndinapeza adadi atakhuthula kathumba ka 3 ndi ka 9 pa tebulo, chinthu chimene inu munaletsa. Anali atasanja tinjerwa m'mizere iwiri, buku lili chotsegula. Anandikodola.

"Tseka maso."

Ndinatseka. Anandiika tinjerwa tiwiri m'manja.

"Kusiyana?"

Ndinapapasa timitu take, m'mbali, pansi. Ndinati palibe.

"Tsegula."

Kena kanali ka phulusa, kena ka simenti yonyowa.

Anatenga nthawi yaitali kuti anene zotsatirazi, ndipo sanalole kuti ndiwamalizire mawu monga ndimachitira. "Za mu 3... zili mu 9. Za mu 9... zili mu 3. Chasowa palibe. Kukula... ndendende. Chiwerengero... ndendende. Masiku khumi ndikuwerenga. Wakuba sachita chonchi. Wopweteka dzanja... sachita chonchi."

Kenako anatulutsa m'thumba la shati kanjerwa kotuwa, ka timitu tinayi. Anati kanali m'kathumba ka 1, ndipo m'buku mulibe. Kukula kwake n'chimodzimodzi ndi tofiira tija.

"Sanaiwale," anatero. "Anatola aka... akuyesa kofiira. Wapakira uyu ndi mwana wanga. Zala ndi zake. Koma Lili... sakuona."

Amayi anali pakhomo la kukhitchini ndi mbale m'manja. Anangokhala pansi pomwepo.

Ine ndinakumbukira chithunzi. Zilembo zotsetsereka. Galasi la foni limene munati linasweka. Zonse ndinaziona, ndinazilemba m'ndandanda ngati wapolisi, ndipo ndinapeza yankho lolakwa. Adadi anangofunsa tinjerwa.

Kenako ndinakumbukira envelopu yomata ndi selotepi, yolembedwa YEKHA. Ngati adadi akunena zoona, simungaiwerenge nokha. Pali munthu mmodzi amene angakuwerengereni.

Ndinaimbira a Chrispin kuti aing'ambe. Foni yawo sinkapezeka, anali m'njira. Dzulo atayankha anati anapereka kale, kwa mayi yemwe uja. Ndaimba foni yanu maulendo osawerengeka. Ikungolira.

A Safiya, sindikukudziwani, koma ndinakutchulani dzina loipa. Sindikupempha kuti muiwale. Ndikungopempha kuti muwawerengere iyinso.

Achimwene, ngati talakwitsanso, ngati maso anu ali bwino, mutiseke, tidzakondwa. Ngati ndi zoona, mumaopa chiyani? Kuti tidzakuonani ngati katundu? M'nyumba muno tinaphunzira kale kudyetsa munthu wamkulu ndi supuni, ndipo munthuyo lero ndi amene watiposa nzeru tonse.

Adadi alanda cholembera. Zili pansizi alemba okha, ndi dzanja lamanja. Zawatengera theka la ola.

Lili

EVERSON. MASO NDILI NAWO. BWERA NDI MANJA.
H. MULIPA


Dunoon
20 Okutobala 2023

A Lilian,

Moni. Ndine Safiya, chiswe chija. Iyi ndikulemba ndekha, sanandiuze mawu.

Kalata yanu ya selotepi ndinaipereka m'manja mwawo monga munafunira. Anaigwira tsiku lonse. Madzulo anati nditsegule. Ndinawerenga mokweza. Nditafika pa chiswe anati ndisiye. Ndinakana. Ndinati kalata ndi yanu, ya mlongo wanu, muimve yonse. Ndinawerenga mpaka pamene mukuti akwere galimoto osandiuza. Ndinawafunsa kuti ndiwaperekeze pokwerera, poti okha sangafike. Sanaseke.

Anandilumbiritsa kuti ndisanene, koma mwanditukwana m'nyumba mwanga, ndiye ndinena. Achimwene anu ali ndi matenda a shuga. Anadziwa mochedwa. Diso lamanja linatha mu Febuluwale. Lamanzere likuona ngati munthu ali mu utsi, kuwala ndi mdima basi. Ku shopu anayamba kusokoneza mitundu, ogula n'kumabweza katundu. Abwana awo anawasiyitsa bwinobwino n'kuwapatsa zombo zitatu zija. Ziwiri zoyamba anapakira diso lamanzere likadaonako. Chachitatu anapakira masiku khumi ndi asanu ndi anayi, pa beseni langa lochapira, ndi zala zokha. Ndikati ndithandize ankati, "Adadi adzadziwa kuti si ine." Nditaona kuti mitundu ikusokonekera ndinakhala chete. Munthu watsala ndi chinthu chimodzi chimene akuti amatha, ine ndimulande?

Ine kwathu ndi ku Machinjiri. Ndimachapa ndi kusita ku londile. Tinadziwana mu basi zaka ziwiri zapitazo. Tinakalembetsa ukwati ku boma mu Meyi, iwo diso limodzi litatha kale, ntchito palibe. Abale anga anasiya kundiyankhula chifukwa ndakwatiwa ndi Mkhristu. Envelopu ya mankhwala a BP ija inachokera m'manja mwanga. Ndiye mundiuze, aphunzitsi, chiswechi chadya chiyani?

Kubwerera kunyumba kwanuko amakana chifukwa akuti m'nyumba imodzi simungakhale amuna awiri osamalidwa. Akuti inu munasiya mwayi wa sukulu ku Zomba chifukwa cha adadi, sakufuna muwonjezere iwo. Tsopano akuti sadzalembanso. Foni azimitsa belu. Masiku awiri sanadye bwino, ndipo munthu wa shuga sayenera kutero.

Safiya

26 Okutobala. Sindinatumize, a Chrispin anachedwa kudzaza katundu. Mnzawo wabweretsa kalata yanu yachiwiri. Ndinaganiza zoibisa, ndinene zoona. Koma ndinawerenga. Pa za kanjerwa kotuwa anagwira kumaso. Nditawerenga mawu a adadi anu anati ndiwapatse pepalalo. Anapapasa kumbuyo kwake, pamene cholembera chinakanikiza, chilembo chilichonse. Anati, "Ndi lamanjadi." M'mawa uno andifunsa kuti sutikesi tinaika pati.

Kofiira ndakapeza pansi pa bedi posesa. Sindinawauze. Sindikudziwa chochita nako.

Ine sindingabwere tsopano, ku londile andigwira mpaka chaka chithe. Komanso sindikudziwa ngati kumeneko ndikufunika. Jakisoni wawo ndi m'mawa ndi madzulo, asanadye. Tiyi wopanda shuga, ngakhale akunamizeni.


Chilomoni
10 Disembala 2023

Alamu anga a Safiya,

Moni. Ndalemba mawu akuti alamu n'kukhala ndikuwayang'ana, kuopa kuti mudzati ndawagula motchipa. Ndawasiya. Mukawakana ndidzamvetsa.

Kalata yanu ndaiwerenga kambiri. Funso lanu lija ndilibe yankho lake. Ndinalakwa, ndipo sindinalakwe chifukwa cha umbuli. Ndinali ndi umboni wokwanira, koma ndinafuna kuti pakhale wolakwa amene si wa m'nyumba muno. Pepani.

Mukudziwa kale pa foni kuti anafika bwino, koma achimwene pa foni amangoti zonse zili bwino, ndiye ndikuuzeni ine.

Atatsika galimoto ya a Chrispin anaima chilili ndi sutikesi, akumvetsera. Ndinawayandikira osadziwa choyamba. Anati, "Lili, ukupumabe ngati munthu wobisala. Ndigwire mkono, wapolisi iwe." Kunyumba amayi anawagwira kumaso ndi manja awiri, kulira, kenako n'kuyamba kuwakalipira mpaka tiyi anazizira. Anayesadi kunama za shuga. Amayi anabisa chitini.

Adadi anawakhazika pa tebulo, n'kutenga dzanja lawo kuliika pa thireyi ya mazira.

Tsopano amayamba ikangokwana 8 koloko, ngati anthu olembedwa ntchito. Adadi amawerenga buku n'kuitana, "Timitu tiwiri kwa tinayi... yopyapyala." Achimwene amalowetsa zala m'mulu n'kuitulutsa ndisanaione n'komwe ine wa maso. Adadi amati, "Ayi... ya phulusa," n'kuwasinthira. Zolimba kukanikiza amakanikiza achimwene. Amakangana kwambiri. Tsiku lina ndinamva achimwene akuti, "Adadi, mwadumpha tsamba, apa pakubwera chitseko cha injini." Adadi anati, "Wakhungu... akuphunzitsa wa magalasi?" Atabwerera m'mbuyo anapeza kuti masamba awiri anamatana. Kenako adadi anati, "Foromani ndine basi."

Sikuti zonse n'zosalala. Masiku ena achimwene satuluka m'chipinda. Kuchipatala atiuza kuti diso lamanzere angayese kuliteteza, koma sanalonjeze kanthu. Madzulo amakhala pakhonde foni ili m'manja, kudikira nthawi imene mumaweruka.

Chombo chafika kathumba ka 31. Chadzaza tebulo lonse, tikudyera pa mphasa. Chatsala denga. Lachisanu achimwene anapempha kofiira kuti aike m'mimba atseke. Adadi anawauza zoona, kuti kamene kanabwera n'kotuwa. Ine ndinawauza kumene kofiira kali. Mundikhululukire, ndaululanso chinsinsi. Achimwene anati basi tiike kotuwako, palibe adzaone. Adadi anatseka buku n'kuvula magalasi.

"Amene anasunga injini... ikuyenda... ndi amene amadontheza penti," anatero. "Tidikira."

Ndiye ntchito yaima. Denga lili m'kathumba kake pamwamba pa kabati, ndipo chombo chili chotsegula m'mimba, amayi achifunditsa nsalu yoyera ya pa tebulo. Palibe akuloledwa kuchigwira.

Amayi sananene kuti pepani, ndipo musayembekezere, sindinawamvepo akunena mawu amenewo kwa munthu aliyense. Koma dzulo anapita ku msika wa Ndirande okha n'kubwera ndi mapoto awiri atsopano, mpeni, ndi chipande. Anazimanga m'jumbo n'kuziika pa shelefu ya pamwamba. Nditafunsa anati, "Mapoto athuwa anaphikapo nkhumba. Ukufuna mwana wa eni adzadye chiyani? Ndipo umufunse nyama yake amagula kwa ndani, ine sindidziwa zimenezo."

Ndiye ndafunsa. Mutiuzenso tsiku, ndidzakuchingamireni ndekha.

Kanjerwako musakaike mu sutikesi, zinthu zimasowa pa boda. Mukamange pa nsonga ya mpango.

Mlamu wanu,
Lili